Kwatsala miyezi inayi, a supavaiza ali zii: dizeteshoni yanga ya saikoloji itheka?

Funso

"Ndili chaka chachinayi, ndikuphunzira saikoloji pa yunivesite ina kuno kumudzi. Dizeteshoni yanga ikufufuza zotsatira za ulova, mowa ndi Facebook pa matenda a maganizo pakati pa achinyamata a m'Malawi. A supavaiza andibwezera pulopozo kawiri, ndipo papita masabata atatu osayankha mauthenga anga a pa WhatsApp. Kwatsala miyezi inayi kuti tipereke. Anzanga ena akuti ndisadzivutitse, ndingodzaza ndekha makweshoneya kuchipinda, palibe angadziwe. Mtima wanga sukulola, koma mantha andigwira. Nditani?"

Yankho

Achemwali, khazikani mtima pansi. Miyezi inayi ndi masabata opitirira 16, ndipo ndaonapo ophunzira ambiri akutulutsa ntchito yabwino m'nthawi yoteroyo. Koma osati ndi mutu ngati wanuwu. Uwu ngakhale akanakupatsani zaka ziwiri ndi galimoto, ukanakukanikani. Za a supavaiza ndifikako. Ndiyamba ndi mutu chifukwa ndikuona kuti pamenepo ndi pamene pagona nkhani, ndipo mwina n'chifukwa chake pulopozo yabwerera kawiri.

Tauwerenganinso pang'onopang'ono. Ulova ndi kafukufuku payekha, mowa payekha, Facebook payekha. Mawu oti "matenda a maganizo" akusenza zinthu zambiri zosafanana: kukhumudwa kokhalitsa, nkhawa yosatha, kusokonezeka mutu, kuvulala mumtima pambuyo pa zoopsa, ndipo chilichonse chili ndi muyeso wake. Ndiye "achinyamata a m'Malawi", kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ambiri mwa iwo achichepere. Inu muli nokha, ndi laputopu imodzi ndi ndalama zochepa za m'thumba. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Liwu limene likundidetsa nkhawa kwambiri ndi loti "zotsatira". Mukagawa kweshoneya tsiku limodzi n'kupeza kuti anyamata omwa kwambiri ndiwonso ali ndi nkhawa zambiri, mwapeza kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, basi. Simunapeze chimene chinayamba. Mwina mowa ukubala nkhawa. Mwina mnyamatayo akumwa kuti nkhawa imuleke agoneko. Mwinanso zonse ziwiri zikuchokera ku ngongole ya katapila imene simunafunse n'komwe. Kuti munthu anene kuti ichi chachititsa icho, ayenera kutsata anthu omwewo kwa nthawi yaitali kapena kuchita ekisiperimenti. Choncho m'mutu mwanu mulembe za ubale umene ulipo pakati pa zinthu ziwiri. Oyesa akaona "effects of", ndiye "zotsatira za" m'Chingerezi, pa kafukufuku wa tsiku limodzi, cholembera chofiira chimayambira pomwepo.

Ine ndikanakhala inu ndikanafunsa chonchi: kodi pali ubale pakati pa chithandizo chimene munthu amaona kuti akulandira kwa abale ndi anzake, ndi kupanikizika maganizo, pakati pa ophunzira a chaka choyamba a pa sukulu yathu ino? Zinthu ziwiri, gulu limodzi, malo amodzi. Ngati mtima wanu uli pa achinyamata a kunja kwa sukulu, funso lomweli lifunseni kwa anyamata a kabaza a pa siteji imodzi kapena ziwiri. Musaope kuti lachepa. Digiri yoyamba safuna kuti muthetse mavuto a dziko. Akufuna kuona ngati mungafunse funso loyankhika, kuyeza moyenera, kulemekeza anthu amene mwawafunsa, ndi kunena zoona pa zimene mwapeza.

Funso likachepa, zoyezera, zimene timati masikelo, zimapezeka zokha, ndipo chonde musapeke mafunso anuanu. Pa kupanikizika maganizo pali Perceived Stress Scale imene Sheldon Cohen ndi anzake anatulutsa mu 1983. Mtundu wake wa mafunso khumi, PSS-10, umafunsa za mwezi wapitawu, ndipo mapointi ake amayambira 0 kulekeza 40. Pa chithandizo pali MSPSS ya Gregory Zimet ndi anzake ya mu 1988, mafunso 12 okhudza banja, abwenzi, ndi munthu wapamtima. Mwayi wanu ndi woti MSPSS inayesedwa kale kuno kwathu m'Chichewa ndi m'Chiyao, pakati pa amayi oyembekezera, mu kafukufuku wa Robert Stewart ndi anzake wa mu 2014. Gulu la Stewart linayesanso SRQ-20 ya WHO, mafunso 20 ofufuza zizindikiro za matenda a maganizo, m'Chichewa mu 2009, ndipo Michael Udedi ndi anzake anayesa PHQ-9, mafunso asanu ndi anayi oyeza kukhumudwa, pakati pa odwala shuga mu 2019. Pezani mapepala amenewa, muwawerenge onse osati chidule chokha. Ngati mafunso a m'Chichewawo sanaikidwe m'pepalamo, lemberani imelo olemba. Ofufuza ambiri amakondwa wophunzira akapempha, ndipo safunsa anadya phula. Mungokumbukira kuti sikelo yoyesedwa pa amayi oyembekezera sinayesedwe pa anyamata a kabaza. Igwiritseni ntchito, koma mudzanene zimenezi poyera m'chaputala cha zofooka za kafukufuku.

Apa ndiimapo pang'ono, chifukwa nkhani ya chilankhulo ndi imene ophunzira a saikoloji amagwera m'mbuna osadziwa. Chaka china mtsikana amene ndinkamuyang'anira anamasulira yekha PHQ-9 usiku umodzi. Funso lachiwiri lili ndi mawu oti "feeling down", iye analemba "kumva kuti muli pansi". Tisanapite kutali ndinamupempha akawerengere amayi atatu amene ankasesa m'makolido, awafunse kuti amvapo chiyani. Anabwerako atagwira pepala lija ndi manja awiri, nkhope itagwa. Mayi woyamba anati, "Pansi ndiye tili pansi mwanangu, malipiro ake ati?" Wachiwiri anaganiza kuti akufunsidwa ngati amagona pamphasa kapena pabedi. Wachitatu yekha ndiye anafunsa kuti, "Kapena mukunena kusweka mtima?" Akanapita nayo kweshoneya imeneyo kwa anthu zana, akanabwera ndi manambala okongola, kompyuta ikanawerengera bwinobwino, koma akanayeza umphawi ndi mphasa n'kumati ndi kukhumudwa.

Njira yoyenera inafotokozedwa ndi Richard Brislin kalekale mu 1970. Munthu mmodzi amamasulira kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Wina, amene sanaoneko Chingerezi choyambacho, amabwezera Chichewacho m'Chingerezi. Kenako mumakhala pansi atatu n'kuyerekeza, ndipo pamene zasemphana ndi pamene pali fupa. Mukatero mumawerengera anthu ochepa ofanana ndi amene mudzawafunse, funso lililonse n'kumati, "Mwa mawu anuanu, apa akufunsa chiyani?" Mvetserani mawu amene anthu amanena okha. Kwathu kuno munthu sanena kuti ndili ndi dipuresheni. Amati ndikuganiza kwambiri, mtima sukukhazikika, tulo sindikuliona, mutu ukulemera, thupi lonse laphwanyika. Anzathu a ku Zimbabwe ali ndi liwu loti kufungisisa, lomwe ndi kuganiza kwambiri komweku, ndipo analitenga mwaulemu moti linalowa mu Shona Symptom Questionnaire ya mafunso 14, imene agogo opereka uphungu a pulogalamu ya Friendship Bench ya Dixon Chibanda amagwiritsa ntchito. Mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake anakumbutsa dziko kuti anthu 96 pa 100 alionse amene ankafunsidwa m'makafukufuku a m'majenolo akuluakulu a saikoloji ankachokera m'maiko amene muli anthu 12 okha pa 100 a dziko lonse lapansi. Ndiye mukamasamala kuti funso limveke kwa mnyamata wa kabaza, si ntchito yapambali ayi, ndi pamene kafukufuku wanu wamng'onoyo akuonjezera kanthu kamene mabukuwo alibe.

Mukasankha ophunzira anzanu, Chingerezi chikhoza kukhala, ndipo mwapulumutsa masabata awiri. Komabe iyeseni kaye kweshoneyayo pa anthu khumi. Mudzadabwa mawu amene amapunthwitsa ngakhale a chaka choyamba okhoza bwino MSCE.

Anthu angati? Musangolemba 50 chifukwa mnzanu analemba 50. Pulogalamu yaulere ya G*Power imawerengera. Kuti mukhale ndi mwayi wa 80 pa 100 wopeza ubale wapakatikati, wa r = 0.3 (r ndi nambala yosonyeza mphamvu ya ubale), pa mulingo wa p wa 0.05 (p ikachepera pamenepa ofufuza amati zopezekazo n'zokayikitsa kuti zangochitika mwangozi), mufunika anthu pafupifupi 85. Poyerekeza magulu awiri, monga ogona m'mahositelo ndi ochita lendi kunja, mufunika 64 mbali iliyonse kuti muone kusiyana kwapakatikati. Sindikizani makweshoneya oposerapo, chifukwa ena adzabwera odumphadumpha ndipo ena sadzabwera n'komwe. Ngati mumakonda kumva nkhani za anthu kuposa manambala, njira yocheza ndi anthu ochepa mozama iliponso, ndipo ambiri amasanthula potsata masitepe asanu ndi limodzi a Virginia Braun ndi Victoria Clarke a mu 2006. Koma asakunamizeni kuti ndi yachidule. Ola limodzi la macheza limadya maola angapo kulilemba liwu ndi liwu, kumasulira kusanayambe.

Tsopano a supavaiza. Sindikuwadziwa, ndipo sindikuwaikira kumbuyo. Masabata atatu osayankha si bwino. Koma ndikuuzeni mmene zimaonekera kuseri kwa desiki. Lekichala mmodzi amakhala ndi ophunzira ambiri oyang'anira, makalasi, masikiripiti osachonga, misonkhano. Uthenga woti "Good morning, ndimafuna ndidziwe ngati mwaona ntchito yanga" umafuna kuti atsegule masamba makumi atatu, ndiye amati ndiona madzulo, madzulowo osafika. Siyani WhatsApp. Lembani tsamba limodzi lokha: mutu watsopano, funso limodzi, anthu amene mudzawafunse ndi chiwerengero chawo, masikelo awiri aja, njira yosanthulira, ndi masiku amene mukufuna kumaliza gawo lililonse. Lisindikizeni, mupite nalo ku ofesi pa nthawi imene amaonana ndi ophunzira, kapena muwadikire akamatuluka m'kalasi. Munene mwaulemu kuti, "Pepani a Dokotala, ndaganizira ndemanga zanu zija, ndauchepetsa mutu. Ndikupempha mphindi zisanu muone tsamba ili, mundiuze ngati ndingapitirize." Tsamba limodzi munthu amaliwerenga ali chiimire. Musanatuluke gwirizanani tsiku lokumananso, ndipo madzulo omwewo muwatumizire imelo yaifupi yobwereza zimene mwagwirizana. Imeloyo imakumbutsa iwo, imatetezanso inu.

Ndemanga zawo ziwiri zija muziwerengenso mtima utazizira. Ophunzira ambiri amakonza zing'onozing'ono, makoma ndi mafulusitopu, n'kulumpha ndemanga yaikulu imodzi imene ikuvuta, kenako n'kudabwa kuti ntchito yabwereranso. Pobweza, ikani kapepala kosonyeza ndemanga iliyonse ndi chimene mwachitapo. Pamene simukugwirizana nawo, nenani chifukwa. Ngati mwayesa zonsezi kwa masabata awiri koma kuli zii, pitani kwa amene amayendetsa za madizeteshoni m'dipatimenti, ndipo zikakanika apo, kwa mkulu wa dipatimenti. Musapite ngati wokasuma. Mukanene kuti nthawi ikutha ndipo mukupempha thandizo, mutanyamula tsamba lija ndi maimelo anu.

Chimene chimadya nthawi mosayembekezeka ndi chilolezo. Simungafunse munthu ngakhale mmodzi komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha ofunsidwa isanavomere. Ku University of Malawi kuli UNIMAREC, ku KUHeS kulinso komiti yake, ndipo pa dziko lonse kafukufuku wa za chikhalidwe cha anthu amaonedwa ndi komiti ya NCRSH pansi pa National Commission for Science and Technology. Funsani ku dipatimenti sabata ino njira imene a digiri yoyamba amadutsa ndi masiku amene komiti imakumana, chifukwa kuphonya msonkhano umodzi kukhoza kukudyerani masabata. Pewani ana osakwana zaka 18. Iwo amafunika chilolezo cha makolo kuphatikiza kuvomera kwawo, ndipo nthawi imeneyo mulibe. Samalani, pakati pa a chaka choyamba mumakhala ena a zaka 17. Kupatula komiti, palinso eni malo: mkulu woona za ophunzira, tcheyamani wa kabaza, a mfumu. Kalata yochokera ku dipatimenti ikhale m'chikwama nthawi zonse.

Nkhani ya chilolezoyi musaione ngati mapepala chabe. Mukasankha PHQ-9, funso lachisanu ndi chinayi limafunsa ngati munthu wakhala ndi maganizo oti bola kufa kapena odzivulaza. Tsiku lina wina adzachonga kuti inde, pafupifupi tsiku lililonse, ndipo adzakhala ataima patsogolo panu. Mudzatani? Yankho liyenera kukhala litalembedwa mu pulopozo musanatuluke: dzina la ofesi ya uphungu ya pa sukulu, namwino kapena kilinikala wa za maganizo pa chipatala cha boma chapafupi, ndi malo monga Zomba Mental Hospital kapena St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Popeza makweshoneya sakhala ndi maina, simungamutsatire munthu pambuyo pake, choncho aliyense, osasankha, mumupatse kapepala kosonyeza kumene angapeze thandizo. Inu simunafike popereka chithandizo cha matenda, ndipo sikelo siuza munthu kuti akudwala; imangosonyeza amene akufunika kuonedwa ndi odziwa. Ichi ndi chifukwa china chimene ndakulozerani ku PSS-10, imene ilibe funso lolemera chotero.

Za anzanu aja. Mtima wanu ukukuuzani zoona, umvereni. Deta yopeka imaoneka: inki imodzi, kachongedwe kamodzi, mayankho osalala mopitirira muyeso, pamene anthu enieni amadumpha mafunso, amafufuta, amadzitsutsa. Koma ngakhale palibe akanaona, taganizani za Diederik Stapel, pulofesa wa saikoloji wa ku Tilburg ku Netherlands. Kwa zaka zambiri ankapeka manambala yekha. Mu 2011 ofufuza achichepere atatu a m'dipatimenti yake anamuulula, ntchito inatha, mapepala ake oposa 50 anachotsedwa m'majenolo, ndipo ophunzira amene analemba madigiri awo pa deta imene iye anawapatsa anatsala ndi chipsera chimene sanachipalamule. Inu mukuphunzira ntchito imene anthu adzakuululirani zimene sanauzepo ngakhale amayi awo. Dzanja limene lazolowera kulemba yankho la munthu amene silinamufunse ndimaliopa kwambiri.

Chimene chimakankhira ophunzira ku bodza nthawi zambiri ndi mantha oti akapanda kupeza p yochepera 0.05 alephera. Si zoona. Kusapeza ubale ndi chotsatira ndithu, ndipo mamakisi amachokera pa mmene mwachifotokozera. Mu 2015 gulu lalikulu la ofufuza linabwereza makafukufuku 100 a saikoloji ofalitsidwa m'majenolo otchuka. 97 mwa oyambirirawo anali atapeza zotsatira zodutsa mulingo umenewu, koma pobwereza zinapezekanso mwa pafupifupi 36 pa 100 okha. Choncho lembani zimene mukuyembekezera ndi njira yosanthulira musanaone deta, ndipo musadzazisinthe kuti zigwirizane ndi zimene zatuluka.

Posanthula, ngati pulogalamu yosanthulira manambala ya SPSS mulibe, jamovi ndi JASP ndi zaulere ndipo zimachita zonse zimene mungafune. Pepala lililonse lipatseni nambala musanalowetse m'kompyuta, kuti mukaona munthu wa zaka 211 mudziwe pokabwerera. Kenako pali msampha umene umagwira ophunzira chaka ndi chaka. Mu PSS-10, mafunso 4, 5, 7 ndi 8 analembedwa mozondoka, amafunsa za kulimba mtima osati kupanikizika, choncho mapointi ake amatembenuzidwa musanaphatikize: 0 akhala 4, 1 akhala 3, motero. Wophunzira akabwera akulira kuti Cronbach's alpha, nambala yosonyeza ngati mafunso a sikelo akuyendera limodzi, yatsika kutali ndi 0.7, chinthu choyamba chimene ndimaona ndi chimenecho, ndipo kawirikawiri vuto limathera pomwepo.

Masabata anu agaweni mobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lopereka. Awiri omaliza si anu, ndi a a supavaiza owerengera komaliza, a Turnitin, pulogalamu yofufuza ngati mwakopera ntchito za ena, ndi a kusindikiza ndi kumanga buku, pamene aliyense ali pamzere ndipo magetsi akhoza kuzima. Atatu a patsogolo pake ndi olembera zotsatira ndi kuzikambirana, awiri osanthula, atatu otolera deta. Otsalawo ndi a pulopozo ndi kudikira chilolezo, ndipo podikirapo musakhale manja lende: lembani chaputala cha njira zofufuzira, chimene ndi chosavuta kuyamba chifukwa mukungofotokoza zimene mudzachite, kenako cha zimene ena analemba. Chaputala chimenechi chisakhale mndandanda wa "uyu anati, uyu anati". Sonkhanitsani olemba amene akugwirizana, sonyezani amene akutsutsa, ndipo mutifikitse pa mpata umene funso lanu likudzaza. Mawu oyamba ndi chidule mudzalembe pomaliza. Ikani Zotero lero lomwe kuti izikusungirani maumboni m'kalembedwe ka APA 7, ndipo musalembe pepala limene simunalitsegule ndi maso anu. ChatGPT imatha kupeka maina a olemba ndi mitu ya mapepala amene kulibe. Madzulo alionse dzitumizireni ntchito pa imelo kapena ikani pa Google Drive. Ndinaonapo mnyamata atakhala pa masitepe a laibulale, mutu uli m'manja, laputopu itabedwa ku hositelo pamodzi ndi fulashi imene inali m'chikwama chomwecho, kutatsala masiku khumi.

Ngati kwanuko mumaimirira pamaso pa aphunzitsi kuteteza ntchito, mafunso ake sasintha kwenikweni: chifukwa chiyani sikelo iyi, chifukwa chiyani anthu awa, ndipo mukanasintha chiyani mukanayambiranso. Amene anayenda yekha ndi makweshoneya padzuwa amayankha osayang'ana pepala, chifukwa akukumbukira mnyamata amene anasiya funso lachisanu ndi chiwiri pakati atapeza kasitomala. Mafomu a chilolezo okhala ndi maina muziwasunga padera ndi makweshoneya, motsekedwa, ndipo mudzawaononge pa nthawi imene munalonjeza komiti. Mukadzapereka buku lanu, lembani tsamba limodzi m'Chichewa chomveka lofotokoza zimene munapeza, mukalisiye kwa tcheyamani wa pa siteji paja kapena ku ofesi ya uphungu, ndipo mukawathokoze pamaso.